Malonje Amene Anatsitsa a Mbewe M'ndege

Esnati, Pilirani ndi iwe Tendai, izi ndikulembera inuyo. Ndikudziwa kuti Chichewa chowerenga chimakupwetekani mutu, ndiye mupeze munthu wa ku tchalitchi akuwerengereni, musachite manyazi. Za ubwana wanga ku Ntcheu sindinenapo, munazimva mpaka kutopa nazo, ndi za mmene bambo anu anakanditengera kundibweretsa ku Rugare, kuno kudziko la anthu a Chishona, ali pa ntchito ya njanji. Lero ndikufuna za ntchito yanga ineyo. Zaka za manambala sindizisunga, ine sukulu ndinalekeza Sitandade 5, ndiye ndiziwerengera ndi inu ana monga ndimachitira.

Chaka chimene Esnati anayamba kuyenda

Ntchito ya ku eyapoti anandipezera ndi amake Filipo, a ku Tete aja tinkakhala nawo mpanda umodzi, amene ankaphika nsomba zouma fungo lake mpaka mzere wachitatu. Iwo anali kale kumeneko, kutsuka ndege. Anangonditenga m'mawa wina, tinakwera makombi awiri, maminibasi a kuno, ya m'tauni kenako ya ku eyapoti, nakandiimika pamaso pa foromani, bambo wina wamfupi amene aliyense ankamutchula kuti vaMukanya. Anandiyang'ana manja, osati nkhope, nkunena kuti achimwene amalimba, ayambe lero. Kwa iye tonse ochokera kwathu tinali achimwene, mwamuna ndi mkazi yemwe. Ndinakhala achimwene zaka zonse zimene anali pamenepo, dzina langa sanalifunsepo.

Ntchito yake inali yothamanga. Ndege ikatera, anthu akatsika, ife timakwera pa chitseko cha kumbuyo ndi zidebe, mabulashi ndi matumba, ndiye tisanapume vaMukanya ali pansi akumenya wotchi yake ndi chala. Lamulo lake loyamba linali lakuti wokwera ndege sitimupatsa moni. Ukakumana naye pa masitepe, yang'ana pansi, pana khoma, adutse. Ine zimenezo zinkandiwawa kwambiri, chifukwa kwathu munthu wodutsa mnzake osalankhula timayamba kumukayikira. Koma ndinazolowera. Munthu amazolowera chilichonse, ngakhale nsapato yothina.

Anthuwo ndinawadziwira pa mipando. Wina amapinda bulangete bwinobwino nkuika pampando ngati akuchoka kwa apongozi. Wina amasiya mafupa a nkhuku m'thumba la mpando, chingamu pansi pa tebulo, mpaka thewera la mwana, lodzaza, kulikankhira kumene hositesi adzalowetse dzanja. Ndipo si osauka ayi, osauka sakwera ndege. Mahositesi aja ndisanayambe ntchito ndinkawaona ngati ana a mafumu, tsitsi lomanga, milomo yofiira. Tsiku loyamba lomwelo ndinawapeza kumbuyo kumene amasungira zakudya, nsapato atavula, mapazi otupa ngati mabanzi. Mmodzi akulira mwakachetechete, akuti bambo wina anamuitana ndi kuliza zala ulendo wonse, iwe, iwe, kenako nkumutsina potuluka. Anapukuta maso, napaka zofiira zija, nakaima pa chitseko kukamwetulira ena. Ndinati mumtima, kani ndife amodzi, iwo kungoti chidebe chawo chili ndi matayala.

Chaka cha chilala, Pilirani ali kumsana

Kuchoka ku chidebe ndinachoka ndi pakamwa pangapa. Tsiku lina agogo ena aakazi anasochera m'bwalo lodikirira ndege, akulira, aliyense akuwalankhula Chishona ndi Chizungu, iwo osamva. Ine ndikudutsa ndi mopu ndinamva akuti mayo ine ndilowera kuti, ndiye ndinaiwala lamulo la vaMukanya. Ndinawagwira dzanja. Anali a ku Mchinji, anabwera kudzaona mdzukulu. Amene anaona zimenezo ndi Mai Ncube, mkulu wa anthu okankha mawilitcheya, tinjinga ta odwala ndi okalamba tija. Sabata yotsatira anandiitanitsa.

Mai Ncube anali mayi wamtali, wosaseka, koma wachilungamo, ndipo ndiye woyamba pa eyapoti ponse kunditchula kuti Mai Phiri. Anandikhazika pansi nkundiuza kuti ntchito ndi ziwiri, kukankha ndi kumasulira. Pa kukankha analibe nkhawa. Pa kumasulira anandiloza ndi cholembera, nati chimene wamva unene chomwecho, usawonjezere, usachotsere, chifukwa kumwamba kulibe chipatala, ndipo tsiku limene ndidzakugwire utanama udzasiya yunifomu pa tebulo pano. Mawu amenewa muwasunge, tikumana nawo kutsogolo.

Ndiye tsopano ndinkalowera chitseko cha kutsogolo, kumufikitsa munthu pampando wake, kumumanga lamba, kumupereka m'manja mwa mahositesi. Kumeneko ndinaona zoseketsa zambiri. Okalamba athu salandira chinthu asanaombe m'manja, ndiye hositesi waima ndi kapu ya madzi, agogo akuomba, kuomba, kufunsa za makolo ake, kumbuyo mzere wa anthu ndi zikwama ukutukwana. Wina anauzidwa kuti ambuya munogona chirungu, kumeneko ndi kuyamikira kwa Chishona kuti mumachitha Chizungu, koma iwo anakwiya kuti ine sindinagone, ndili maso chichokere kunyumba. Tinaseka sabata yathunthu. Panali mahositesi ena ouma mtima, olankhula ndi denga, oti nkhalamba ikafunsa kawiri amapumira m'mwamba. Ndipo panali okwera ena oti ngakhale uwagwadire sakuona. Ine ndinkangoti ulemu ndi wofanana ndi mchere, kuli nyumba zina sauika.

Rudo anabwera zaka zimenezo zitapitapo. Anali hositesi, mtsikana wa ku Glen View, bambo ake okhoma masofa pa malo a mipando paja. Woonda, maso aakulu, ndipo kuseka kwake ngati wina akumutekenya. Yekhayo ndi amene ankati akafika pa nkhalamba amagwada pakati pa mipando, siketi yothina yomweyo, kuti maso awo alingane. Anzake ankamuseka kuti udzatha mawondo. Tinkakumana mu kombi ya m'mawa, iye atavala juzi pamwamba pa yunifomu kuti asamudziwe, ndiye tsiku lina anandipempha kuti ndimuphunzitse Chichewa cha ndege ya ku Lilongwe. Ndinamuphunzitsa muli bwanji, ndili bwino kaya inu, pepani, mangani lamba. Kenako anandifunsa kuti kwanu mlendo mukamupatsa moni, chotsatira ndi chiyani. Ndinati kwathu mlendo akakhala pansi, akamwa madzi, mwini nyumba amati timve malonje, ndiye mlendo amafotokoza kumene wachokera, amene wawasiya, mmene wayendera ndi chimene wadzera, osasiyako kanthu. Ndinamuuza kuti ndegeyo ndi nyumba yako, iwo ndi alendo ako. Ineyo ndi amene ndinamuuza choncho, palibe anandikakamiza. Ndipo zinkagwira ntchito. Nkhalamba zinkatsika ku Lilongwe zikumudalitsa, wina mpaka anafuna kumufunsira mbeta mwana wake.

Zaka zimene mashopu anali mashelefu okhaokha

Izi inu munaziona ndi maso, sindichulutsa. Tinali titasamukira ku Kambuzuma. Makombi opanda mafuta, ine kuyenda wapansi mpaka m'tauni nsapato za ntchito zili m'pepala kuti zisathe. Ku ntchito mawilitcheya anatsala owerengeka, ina yomanga ndi waya, ina yokokera kumanzere ngati ng'ombe ya diso limodzi, moti phewa ili likundipwetekabe mpaka lero. Ndege zinachepa. Zochedwa zinachuluka. Anthu ankakwera atakwiya kale, ndiye mkwiyo wonse umathera pa mahositesi, ngati ndi iwo abisa shuga. Pepani, pepani, tsiku lonse pepani, mpaka mawuwo anatha kukoma.

Ndi nthawi yomweyo bambo anu anatisiya. Ankanena nthawi zonse kuti mafupa anga mudzakawaike kwa Ganya pafupi ndi amayi. Inu mukudziwa kumene tinawaika, kumanda a ku Mbudzi, mzere wa anthu osawadziwa, kumene ngakhale chikwangwani anaba. Sindinathe. Patatha sabata ziwiri ndinabwerera ku ntchito ndi duku lakuda. Mwezi womwewo anayamba kuchotsa anthu, Mai Ncube kuwerenga maina pa pepala ife titaima mzere. Amake Filipo anachotsedwa tsiku limenelo. Ine ndinatsala chifukwa cha lilime basi, panalibenso wina wa Chichewa. Ndinadziwa kuti nyumba yonse yapachikika pa yunifomu imodzi.

Mwezi wa Juni, chaka chimene Tendai ankalemba Fomu 4

Kunali kozizira m'mawa umenewo, kwa mphepo yolowa m'makutu. Anandipatsa dzina pa kapepala, Mbewe, ndege ya ku Lilongwe. Ndinawapeza pa benchi, bambo wokalamba kwambiri, suti yakuda yowakulira, chipewa, ndi kasutikesi kakale komanga ndi lamba. Anali ndi mpongozi wawo, mayi wa Chishona wa ku Kambuzuma konkuno, Sekishoni 3. Mayiyo anandikokera pambali nkundinong'oneza kuti ambuya, musawasiye alankhule kwambiri, amatopa. Sananene zambiri, inenso sindinafunse. Maso ndinali nawo. Ndinaona khosi mmene linkasambira mu kolala. Koma nkhalamba zoonda ndinakankha zambiri, ndipo kalata ya dokotala amafunsa munthu amene wanena yekha kuti akudwala.

M'njira ndinawauza kuti ndine wa ku Ntcheu. Anatembenuka mu wilitcheya, nkhope yonse kuwala. Anati iwo ndi a ku Dedza, kuseri kwa phiri, anabwera ali mnyamata kudzagwira ntchito m'mapulazi a fodya, ndipo chibwerere sanapondeko. Basi yodzera pa malire a Nyamapanda sakanaitha, masiku awiri pa mpando, ndiye ana anasonkherana ya ndege. Mwana wa mlongo wawo akawadikira ku Lilongwe ndi galimoto. Anandifunsa ngati mapichesi amabalabe kwathu. Ndinati amabala, ngakhale inenso ndinali ndisanawaone zaka makumi angati kaya.

Ndinawakhazika pa windo. Ndinawamanga lamba, kasutikesi pamwamba, chipewa pa mwendo. Pa mpando wa pafupi nawo panali bambo wina wa tayi, wonenepa bwino, akuwerenga nyuzipepala ya kwathu. Ndinali nditatembenuka kale kuti ndizituluka, mapazi awiri okha, pamene Rudo anafika. Anagwada monga mwa masiku onse, naomba m'manja mofewa.

"Muli bwanji agogo? Takulandirani. Timve malonje."

Ana anga, mukanawaona. Munthu amene zaka zonse ankangomva sekuru, sekuru, agogo a Chishona amenewo, kapena achimwene, lero mwana wovala bwino wamugwadira nkumupempha malonje m'chilankhulo cha amayi ake. Anakhala tsonga. Anakonza jekete. Anaomba m'manja katatu, nayamba, mawu okweza ngati ali pabwalo.

"Zikomo mwana wanga, wakula bwino. Ine ndine Mbewe. Ndachokera ku Kambuzuma, ndasiya ana ali bwino, adzukulu ali bwino. Ine ndekha ndiye sindili bwino. Ndagona ku chipatala mwezi wathunthu, madokotala andibweza, akuti palibenso chochita. Ndiye ndati ndisafere m'tchire ngati galu. Ndikupita kukafera kwathu. Malonje ndi omwewo."

Rudo Chichewa chake chinali cha moni basi. Koma chipatala ndi chipatala, kufa ndi kufa, Chishona ndi Chichewa pamenepo sizisiyana. Ndinaona kumwetulira kukuchoka pankhope pake. Ndipo kumbuyo kwake kunali kutaima wamkulu wa mahositesi, mayi wa magalasi, akuwerenga anthu. Nayenso anamva mawu awiri omwewo. Anandiitana ndi chala, nandifunsa kuti bambowa anena chiyani, ndimuuze zonse.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetse, chifukwa usiku ndi usana ndimabwerera pamenepa. Bodza linali pakamwa, lokonzeka kale. Ndikanati akunena za akazi awo amene anafera ku chipatala chaka chatha. Basi. Ulendo wake ndi waufupi, asanamalize tiyi akanakhala akutera. Rudo anali akadali chogwada, akundiyang'ana, ndipo ndikudziwa kuti sakanatsutsa. Koma bambo wa tayi uja anali atatsitsa nyuzipepala. Wa kwathu, wamva liwu lililonse, ndipo akundiyang'anitsitsa. Ndinaganiza kuti ndikanama, uyu adzatsegula pakamwa, chifukwa ndani akufuna kukhala pafupi ndi munthu woti angathe kumalizika m'mwamba. Ndinaona tebulo la Mai Ncube ndi yunifomu yanga itapindidwa pamenepo. Ndinaona iwe Tendai ndi mabuku ako. Ndinanena zoona, mwa Chishona, liwu ndi liwu, osawonjezera, osachotsera.

Nditamaliza ndi pamene ndinayamba kupalasa kuti ndikonze zinthu. Ndinati kwathu nkhalamba iliyonse imalankhula choncho, ndi mwambo chabe, munthu akafunsidwa malonje sabisa. Mayi wa magalasi sanali woipa, musamuweruze. Anandigwira paphewa nati akumvetsa, koma ayenera kukauza kaputeni, woyendetsa ndege. Anapita kutsogolo. Tinadikira. Anthu anayamba kuyang'ana mawotchi, wina kumbuyo anakuwa kuti vuto ndi chiyani, ena tili ndi misonkhano. A Mbewe ali phee, akuyang'ana pa windo anyamata akuponya zikwama, osadziwa kanthu. Yankho linabwera lakuti popanda kalata ya dokotala sangawatenge, akapeze kalata adzakwere ina.

Wowauza anali ine. Panalibenso wina. Ndinagwada pamene panali Rudo, nkuyamba kumasula lamba amene ndinamanga ndekha. Ndinati agogo, akuti titsike kaye, pali pepala lina lasowa. Anandiyang'ana nandifunsa.

"Kodi ndalakwitsa poyankha, mwana wanga? Mwanayu anandifunsa bwinobwino."

Ndinati simunalakwitse agogo. Sanatsutse, sanakweze mawu. Anavala chipewa. Powadzutsa ndinamva kuti munthuyo analibe kulemera, ngati mtolo wa mapesi. Ndikutsitsa kasutikesi, bambo wa tayi uja anasendeza miyendo kuti tidutse, nalankhula motsitsa, mwa Chichewa chenicheni cha ku Lilongwe.

"Mayi, mukanangonama. Ine ndikanakuikirani umboni."

Ndinangopitirira ndi a Mbewe. Pa chitseko a Mbewe anandiimitsa, navula chipewa, naombera m'manja mahositesi onse, mayi wa magalasi yemwe. Anati zikomo potilandira, muyende bwino, mukapereke moni kumudzi. Rudo anathawira kumene amasungira zakudya. Ine ndinakankha wilitcheya yokokera kumanzere ija njira yonse yobwerera, ndege ikulira kumbuyo kwathu. Mpongozi uja anali asanachoke, anali pa galasi kudikira kuti aione ikunyamuka. Anatembenuka nationa. Anangondilanda zogwirira za wilitcheya m'manja.

Mai Ncube madzulo ake anandiyamikira pamaso pa anzanga, nati Mai Phiri achita monga mwa lamulo. Kalata ija dokotala anakana kulemba. A Mbewe anamwalira patatha sabata zitatu, ku Sekishoni 3, mtunda woti ine ndimayenda wapansi. Ndinapita ku maliro, ndinakhala kumbuyo ndi amayi a ku tchalitchi china. Mpongozi anandiona, anandipatsa madzi osamba m'manja monga aliyense, koma moni sanandipatse, ndipo mpaka lero tikakumana pa chitsime cha mjigo amayang'ana chidebe chake. Anakawaika ku Mbudzi komweko, mizere ingapo kuchokera pa bambo anu.

Rudo sanagwadenso. Ndinkamuona ataima chilili ndi ngolo yake ya zakudya, akungofunsa nkhuku kapena ng'ombe, nkhuku kapena ng'ombe, maso pa thireyi. Mu kombi tinkakhala limodzi osalankhula za izo. Kamodzi kokha ananena kuti akanakhala wamwano ngati anzake, sekuru aja akanafika. Ndinafuna kumuuza kuti mlandu si wake, koma ndikanatero ndiye kuti ndi wa yani. Chaka chisanathe anasiya ntchito, ndinamva kuti ali kunja akusamalira nkhalamba za azungu. Atsikana ena atsopano anandipemphapo kuti ndiwaphunzitse Chichewa. Ndinkawaphunzitsa mangani lamba, ndi chimbudzi chili uko. Basi.

Chaka chino

Ndinapuma ntchito mawondo atakana. Anandipatsa wotchi ya pakhoma ndi chithunzi cha ndege, chili pamwamba pa kabati icho. Zaka zonsezo ndinalowa m'ndege kambirimbiri, koma sindinakhalepo pampando chitseko chitatsekedwa. Tendai, mayeso aja unakhoza, ndipo sindikunena kuti ndiwe unachititsa, usadzaganize choncho. Ndikungofuna udziwe chimene chinagulidwa ndi chiyani.

Tsopano iwe Esnati, pa foni paja ukuti ukufuna kundigulira tikiti ndikaone ku Ntcheu mvula isanagwe. Ndinangoti tiona. Sindinakuuze zimene anandiuza ku kiliniki mwezi watha za mtima uwu ndi miyendo yotupayi, Pilirani akudziwa, ndinamuletsa kunena. Lamulo la kalata ndikulidziwa kuposa aliyense. Pilirani akuti amayi mudzangokhala chete, mudzavale bwino, mudzatseke pakamwa maola awiri okha. Ndayesa kudziona nditakhala pa windo paja, pakamwa nditatseka. Mwina zikhoza kutheka, masiku ano akuti safunsanso munthu kanthu, amangoloza mpando. Koma ndimadzidziwa. Atangopezeka mwana wa munthu mmodzi woleredwa bwino, nkugwada, nkundifunsa za ulendo, ine ndidzayankha zonse. Sindinaphunzire kumana munthu malonje, ndipo amene adzamasulire adzakhala ndi ana akenso.

Ndiye tikitiyo usagule, mwana wanga. Ndinapita ku Mbudzi sabata yatha kukazula udzu. Pakati pa bambo anu ndi a Mbewe anthu adzaza kale, koma cha kumunsi, kufupi ndi msewu, akukumbabe. Mudzandiike kumeneko, mutu kuloza kumene ndege ya ku Lilongwe imakhotera. Ndikakawapeza a Mbewe ndikawagwadira, ndipo malonje ndikapereka ndine.